Buti yatsekeka koma galimoto ikuti njotsegula: kapezedwe ka vuto ndi kakonzedwe kake

Kagetsi kofiira ka chithunzi cha galimoto yotsegula zitseko kakamayaka pa dashibodi chikhalirecho mwatseka paliponse, kawirikawiri vuto limakhala ku chitseko cha kumbuyo, chija ambiri timangoti buti. Pa RAV4, X-Trail, CR-V, Harrier, Forester kapena Prado, chitseko chimenechi nchachikulu, ncholemera, ndipo ndi chomwe chimalandira fumbi lonse limene matayala amautsa. Mphepo imazungulira kumbuyo kwa galimoto yaitali nkumaunjika dothi pa galasi, pa nambala ndi mkati mwa loko. Amene amayenda misewu yafumbi m'chilimwe amadziwa mmene kumbuyoko kumafiirira pomwe kutsogolo kuli mbee.

Musakalekerere kagetsika. Galimoto ikamaganiza kuti chitseko sichinatsekeke, getsi la mkati limatha kukhala chiyakire, rimoti imakana kukhoma, alamu imalira pakati pa usiku popanda wakuba, ndipo kompyuta ya galimoto siigona. Babu wa mawati 5 amadya pafupifupi 0.4 ampu. Zikuoneka zochepa, koma galimoto yathanzi ikazimitsidwa nkugona imayenera kudya zosapitirira 0.05 ampu, choncho batire lotopa kale silingapirire masiku awiri kapena atatu. Ndipo ngati chitseko sichikutsekekadi, utsi wa ekizozi umakokedwa kulowa mkati, ndipo mpweya wake woopsawo sununkha konse. Amene amakhala mpando wa kumbuyo nthawi zambiri ndi ana.

Mmene galimoto imadziwira kuti buti yatsekeka

Pa chitseko pali loko. Pa bodi ya galimoto pali kachitsulo kopindika ngati chilembo cha U, komangidwa ndi mabawuti awiri, komwe amakaniko amati sitiraika. Mkati mwa loko muli dzino lozungulira lomwe limakola kachitsuloko, ndipo limakola pawiri: koyamba limangogwira pang'ono, kachiwiri ndiye limagwira kotheratu. Pambali pa dzinolo pali kaswichi kakang'ono kamene kamasintha dzino likafika pachiwiripo. Kuchokera pa kaswichiko, waya amayenda mkati mwa chitseko, kudutsa mu kapaipi ka labala kali pafupi ndi mahinjesi, kulowa m'bodi, mpaka pa kompyuta yoyang'anira magetsi, maloko ndi mawindo, yomwe imatchedwa BCM.

Ndiye malo okayikitsa ndi anayi basi: chitseko sichikufika, kaswichi kafa kapena kamatirira, waya wavulala, kapena kompyuta yasokonezeka. Chomalizachi nchosowa kwambiri. Wina akakuuzani za kompyuta asanagwire nkomwe loko, tengani galimoto yanu muzipita.

Konzani sikuludiraiva yokhuthala bwino, nsanza, kaburashi kakale kotsukira mano, chopopera chotsukira mapulagi a magetsi, girizi woyera wopopera, cholembera cha maka, tochi, ndi mita yoyezera magetsi. Mita yotsika mtengo yomwe imalira mawaya ake awiri akakhudzana ndi yokwanira.

1. Tsimikizani kaye kuti ndi buti

Galimoto zambiri zakale zili ndi kagetsi kamodzi ka zitseko zonse, choncho sizinena chitseko chake. Zatsopanoko zimaonetsa chithunzi, ngakhale zochokera ku Japan zimalemba uthengawo m'Chijapanizi, ndiye dalirani chithunzicho. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse pachokha mukuyang'ana dashibodi. Kenako pindani mpando wa kumbuyo, tsekani zonse, muyang'ane kagetsi ka m'buti. Ngati kali chiyakire pomwe swichi yake ili poti kaziyaka chitseko chikatseguka, mwamupeza wolakwa.

Kumbukirani galasi. CR-V ya zaka za 2002 mpaka 2006 ndi Prado 150 zina zili ndi galasi la kumbuyo lotseguka palokha, lokhala ndi loko wake ndi kaswichi kake. Anthu amalimbana ndi chitseko chachikulu pomwe galasi ndi lomwe langogwira mwatheka. Likankheni ndi chikhatho pafupi ndi loko wake muone ngati kagetsi kazima.

2. Onani chomwe chikutchinga

Kapeti ya m'buti yosunthira kumbuyo, chingwe cha thumba, lamba, labala wa m'mphepete yemwe wasomphoka pamalo pake, kamwala kapena mbewu za chimanga zogwera mu dzenje la sitiraika: zonsezi zimalepheretsa dzino kufika pachiwiri. Onaninso timalabala tiwiri togundirapo chitseko. Pa galimoto zina timeneti timapotedwa, ndipo tikatuluka kwambiri chitseko chimabwerera chisanakole bwino. Tsekani buti, muikoke ndi kuikankha ndi manja. Ikamagwedera nkumagogoda, siinagwire.

3. Yesani loko ndi sikuludiraiva

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo musagule kanthu musanachite zimenezi.

Tsegulani buti, tembenuzani kiyi mpaka dashibodi iyake koma injini osailiza. Tengani sikuludiraiva, muigoneke mopingasa pakamwa pa loko mmene sitiraika amalowera, nkukankhira mkati. Mumva kuti khethe koyamba, kenako khethe kachiwiri. Tsopano loko akuganiza kuti chitseko chatsekeka, chikhalirecho chili m'mwamba. Uzani wina ayang'ane dashibodi.

Kagetsi kakazima, ndiye kuti kaswichi, mawaya ndi kompyuta zili bwino. Vuto nlakuti chitseko chikatsekedwa dzino silikufika pachiwiri, ndipo mupite pa nambala 4. Kakapanda kuzima, vuto lili mu loko kapena m'mawaya, ndipo nambala 4 muidumphe. Kakamaphethira, kuzima nkuyakanso mukamagwedeza dzinolo ndi sikuludiraiva, kaswichi kakutha kapena kadzaza dothi.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Mukamaliza, dinani batani kapena kokani chogwirira chotsegulira buti kuti dzino libwerere, mulithandize ndi sikuludiraiva ngati likuchedwa. Mukamenyetsa chitseko dzino lili chotsekera, mupinda sitiraika kapena kuswa loko yemwe analibe vuto. Ngati buti yanu ndi yodzikoka yokha ndi mota, monga pa Harrier ndi X-Trail zina zatsopano, mota imayamba kukoka dzino likangokola koyamba, choncho zala zikhale kutali ndipo sikuludiraiva muigwire momasuka.

4. Ngati chitseko ndi chomwe sichikufika

Yang'anani sitiraika ndi tochi. Pamene pakhulika nkumanyezimira ndi pomwe loko amagunda. Pakakhala pambali kapena pamwamba m'malo mwa pakati, ndiye kuti zinthu zasuntha. Pakani choko kapena girizi pang'ono pa sitiraika, tsekani, tsegulani, muone pamene pafufutika.

Musanamasule kanthu, jambulani ndi maka mozungulira tsinde la sitiraika kuti mudziwe pomwe anali. Mabawuti ake amakhala olimba kwambiri, ena a mutu wa nyenyezi, ndipo sikuludiraiva yosakwana bwino imangowononga mutuwo. Masulani pang'ono pokha, moti sitiraika azisuntha mukamugogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Musunthireni kunja, kumene chitseko chimachokera, milimita imodzi kapena ziwiri, kuti dzino lizimupeza msanga. Mangani, tsekani mofatsa, onani dashibodi. Mukapyola muyeso chitseko chimakola mosavuta koma sichipanikiza labala, ndiye fumbi ndi madzi zimayamba kulowa. Kuti mudziwe, panikizani pepala pakati pa chitseko ndi labala, nkulikoka. Lizituluka mokakamira, osati kungosolola.

Zitseko zotsegukira pambali zonyamula tayala la sipeya, monga za RAV4 ya zaka za 2005 mpaka 2012, Prado 120 ndi Escudo, zili ndi matenda awoawo. Kulemera kwa tayala ndi mabampu a m'misewu zimadya mahinjesi, chitseko nkutsika. Chitseguleni pang'ono, gwirani pansi kumapeto kwake, mukweze. Mukamva kuseweretsa, mahinjesi atha, ndipo kusuntha sitiraika kungobisa vutolo kwa miyezi yochepa. Chimodzimodzi galimoto yomwe inagundidwapo kumbuyo: ngati mipata ya mbali ziwiri za chitseko siyofanana, ntchitoyo ndi ya wowongola bodi.

5. Tsukani loko

Pa galimoto zoyenda m'fumbi, apa ndi pomwe ambiri amachirira. Girizi wakale akasakanikirana ndi dothi amauma ngati phala la dzulo, ndipo kamkono kamene kamadina kaswichi kamakanirira pamalo amodzi. Yalani nsanza pansi pa loko kuti musadetse kapeti. Poperani chotsukira mkati, makamaka kumbali komwe kukuchokera mawaya, mukolope ndi kaburashi, kenako tsekani dzino ndi sikuludiraiva nkulitsegula, mobwerezabwereza, mukupoperabe mpaka zotuluka zisiye kuda.

WD-40 kapena Q20 zimathandiza kusungunula litsiro ndi kuthamangitsa madzi, koma sizikhalitsa ngati mafuta ofewetsera. Loko akauma, ikani girizi woyera pang'ono pa dzino ndi pa sitiraika basi. Oyilo wa injini, makamaka wakale uja wakuda, musamuyandikitse. Amaitana fumbi ndipo pakatha mwezi mumabwerera pomwe munali. Ndipo muwauze anyamata a pa kawoshi asamalozetse paipi ya mphamvu pakamwa pa loko, chifukwa madziwo amalowa mu kaswichi. Kagetsi kamene kamayaka mukangotsukitsa galimoto kapena mvula ikagwa, nkuzima kokha dzuwa likawomba, kakukuuzani za madzi.

Galimoto zina zakale zilibe kaswichi mu loko. Zili ndi kabatani kovala labala pa mphuthu ya chitseko, komangidwa ndi sikuluwu imodzi. Sikuluwuyo ndi yomwe imalumikiza kabatani ku bodi. Imasuleni, palani dzimbiri ndi sandipepa, onani ngati kabatani kakulowa ndi kutuluka momasuka, ndipo onaninso ngati chitseko chikukadina mokwanira.

6. Zulani pulagi ya loko

Kutsuka kukakanika, chotsani chipulasitiki cha mkati mwa chitseko. Yambani ndi masikuluwu obisika mu chogwirira, kenako kanganulani kuyambira pakona. Timapini take timaphwanyika msanga pa galimoto yokalamba, ndiye kulungani nsanza kunsonga ya sikuludiraiva ndipo muzikanganula pafupi ndi kapini penipeni. Ngati mashoki okweza buti afooka, ichirikizeni ndi mtengo isanakugwereni pamutu.

Pezani pulagi yolowa mu loko, muizule, muyang'ane mkati. Zobiriwira kapena zoyera ngati ufa pa timano take ndi dzimbiri la madzi. Tsukani, umitsani, bwezerani, yesaninso. Mufufuzenso kumene madziwo akulowera, kawirikawiri pa getsi la mabuleki la pamwamba, pa tsinde la waipa kapena pa magetsi a nambala.

Pulagi ikakhala yoyera, isiyeni chizulire muone dashibodi. Apa pamafunika kudekha, chifukwa galimoto sizinapangidwe mofanana. Pa Toyota, Nissan ndi Honda zambiri, kaswichi kamalumikiza waya ku bodi chitseko chikatseguka. Pa Ford zambiri nzosemphana: kamalumikiza chitseko chikatsekeka, ndipo waya akangoduka galimoto imati chitseko chatseguka.

Ndiye mukazula pulagi kagetsi nkuzima, nkhani yatha: kaswichi ka mu loko kamatirira, mawaya alibe mlandu. Kakapanda kuzima, simunadziwebe, ndipo mita ndiyo ilamule. Iikeni poti izilira, muyeze timano ta mbali ya loko, osati ya galimoto, tiwiritiwiri, kwinaku mukutseka ndi kutsegula dzino ndi sikuludiraiva. Timano tiwiri ta mota yotsegulira tidzaonetsa nambala yaing'ono yosasintha. Timano ta kaswichi ndi tomwe timayenera kusintha, kulira dzino likakhala uku, kukhala chete likapita uko. Pa maloko ena mbali imodzi ya kaswichi ndi chitsulo cha loko chomwecho, choncho yezaninso pakati pa kadzino kalikonse ndi chitsulocho. Mukapeza posintha bwinobwino nthawi iliyonse, kaswichi nkamoyo ndipo vuto lili m'mawaya. Mukapanda kupeza posintha paliponse, kaswichi kafa.

Ena amakonda kutenga kawaya nkumagunditsa timano ta pulagi mwachisawawa kuti aone chomwe chichitike. Musatero. Mu pulagi yomweyo mumadutsa moto wa mavoti 12 wopita ku mota, ndipo mukauponya pa waya wolakwika mupsereza fyuzi, mwinanso BCM yeniyeniyo, yomwe mtengo wake umaposa maloko angapo.

7. Mawaya a pa mahinjesi

Nthawi iliyonse mukatsegula buti, mtolo wa mawaya mu kapaipi ka labala kaja umapindika. Galimoto zambiri zimene timagula zimafika zitayenda kale zaka khumi kapena kuposa, ndiye mawayawo apindika kosawerengeka, khungu lake lauma ndi kutentha, layamba kung'aluka. Waya wa kaswichi akasupuka nkukhudza chitsulo, Toyota kapena Nissan imati chitseko chatseguka. Akadukiratu, Ford imanena chimodzimodzi.

Chizindikiro chachikulu nchakuti vutoli silibwera lokha. Waipa ya kumbuyo imagwira ikafuna, magetsi a nambala amazima, kamera yobwerera m'mbuyo imathima, kapena batani lotsegulira buti limayankha mwa apo ndi apo. Tsekani dzino ndi sikuludiraiva, gwirani kapaipiko, mukapinde uku ndi uku wina akuyang'ana dashibodi. Kagetsi kakaphethira, mwafika.

Zulani kapaipiko mbali zonse ziwiri, mukakankhire kumodzi, muone waya aliyense payekha. Mukokeni pang'ono, chifukwa wina amaduka mkati khungu lili bwinobwino, ndipo wotereyo amatamuka ngati labala. Musanadule kapena kuwotcherera chilichonse, chotsani waya wa negetivu pa batire. Dziwani kuti mukabwezera, wotchi, wailesi ndi mawindo odzikweza okha zingafune kutcheranso, ndipo mawailesi ena a ku Japan amafuna kakhadi kawo ka mapu kapena nambala yachinsinsi kuti ayakenso, choncho onani zimenezi musanachotse batire.

Kalumikizidwe kake nkofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kupota mawaya awiri nkukulunga tepi pamalo pomwe adukapo sikukhalitsa, chifukwa mfundoyo ili popindika pomwepo. Dulani chigawo chonse chodutsa mu kapaipi, muikemo waya watsopano wa tinsinga tambiri, wonenepa mofanana ndi wakaleyo, kuti mfundo imodzi ikhale mkati mwa chitseko ndi inayo mkati mwa denga, komwe sikupindika. Wotchererani ndi mtovu, muveke timapaipi tonyala ndi moto. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi ndi wouma, amathyoka msanga. Ngati mwapeza awiri kapena atatu ong'aluka, sinthani onse lero lomwe, poti otsalawo ali m'njira yomweyo. Pomaliza bwezerani kapaipi mpaka milomo yake ikhale bwino m'mabowo, apo ayi mvula izilowera pomwepo nkutsikira mu loko.

Onaninso waya wa ethi, womangidwa ndi bawuti ku chitsulo mkati mwa chitseko kapena kuseri kwa chipulasitiki cha pambali m'buti. Akachita dzimbiri, palani mpaka chitsulo chiwale.

Chinanso chomwe chimaiwalika ndi zinthu zoikidwa pambuyo: alamu, thiraka yolondolera galimoto ikabedwa, kamera, masensa oimikira. Oika zimenezi amasenda waya wa zitseko nkulumikizapo wawo, nthawi zina ndi tepi yokha. Ngati kagetsi kanayamba kuvuta mutangoikitsa chimodzi mwa izi, yambirani kumeneko.

8. Makina oyezera, ndi kugula loko

Loko ali bwino, mawaya a pa mahinjesi ali bwino, koma kagetsi sikakuzima? Apa pitani kwa wa zamagetsi a galimoto yemwe ali ndi makina otha kuwerenga BCM. Timakina totchipa tolumikiza ku foni tambiri timangowerenga za injini. Makina oyenera amaonetsa chitseko chilichonse pachokha, ndipo mumaona mawu akusintha pamene mukudina dzino. Akamasintha pa makina koma dashibodi osasintha, vuto lili kutsogolo. Akapanda kusintha, mmisiri ayeze waya kuchokera ku buti mpaka pa pulagi ya BCM asananene kuti kompyuta yafa, ndipo aonenso ngati pansi pa kapeti pomwe mtolo wa mawaya umadutsa sipanyowa.

Kaswichi kakafa, kawirikawiri mumagula loko yense, chifukwa kaswichiko kamamatidwa mkati ndipo sikagulitsidwa pakokha. Mmisiri wa luso amatha kutsegula loko nkuikamo kaswichi kena, ndipo ngati loko wa galimoto yanu ndi wosowa, njirayi siyoipa. Pokagula, kaya ku Biwi, ku Ndirande kapena kuitanitsa kunja, nyamulani loko wakaleyo ndi nambala ya chasisi. Galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zimatha kusiyana mapulagi, makamaka pakati pa ya buti ya manja ndi ya mota. Werengani timano ta pulagi. Ngati ndi loko wochotsedwa pa galimoto ina, tengani mita yanu mumuyeze pomwepo musanalipire, mmene tafotokozera pa nambala 6. Pomuika, lumikizani pulagi nkumuyesa ndi sikuludiraiva musanatseke chitseko ndiponso musanabwezere chipulasitiki, kuti akakana kutsegula mukhale ndi pomugwirira.

Buti ya mota ikachotsedwa batire kapena kusinthidwa loko, nthawi zina imaiwala malire ake nkumangolira osayenda. Pa Toyota zambiri kuitseka ndi manja mpaka itakola kotheratu kumaikumbutsa. Musaimenyetse ndipo musalimbane ndi mota ikamakoka.

Podikira kukonza

Ngati sipeya ichedwa, tsimikizani ndi manja kuti buti ikukoladi pachiwiri musanayende. Zimitsani getsi la m'denga ndi la m'buti pa maswichi ake, kapena chotsani mababu. Rimoti ikamakana, khomani ndi kiyi pa chitseko cha dalaivala, muyese zitseko zonse chimodzichimodzi, buti yomwe. Galimoto ikakhala yoima masiku angapo, chotsani negetivu ya batire.

Amisiri ena angakuuzeni kuti angodula waya wa kaswichi, kapena kumulumikiza ku bodi pa Ford, kuti kagetsi kazimiretu. Kamazimadi. Koma kuyambira pamenepo galimoto siidzakuuzaninso buti ikatseguka muli pa liwiro, alamu siidzalira wakuba akalowera kumbuyo, ndipo pa galimoto za kiyi wosalowetsa ikhoza kudzikhoma yokha kiyi ali m'buti. Ngati mwavomera zimenezi kuti mufike kunyumba, asadule waya. Pa Toyota, Nissan kapena Honda, atulutse kadzino kake mu pulagi, akakulunge tepi nkukamangirira pambali, kuti loko watsopano akafika kangobwezeredwa pamalo pake.